Kumene Anaika Pluto

"Nkhata imeneyo usapite nayo kutsogolo," anatero ba Dorcas. "Kumanda akaitana ana a malemu, iwe ukhale pansi. Udzaimirira akaitana achibale ena."

"Achibale ena? Mphuno iyi ndi ya ndani, basisi?"

"Usanditchule sisi pano."

Tinali kuseri kwa nkhokwe ku Shikabeta, m'mawa wa tsiku loika atate. Ba Dorcas ndi mwana wawo woyamba wa m'banja. Ine ndine Thelma wa ku Chinyunyu, wobadwa kwa mayi wogulitsa tomato pamsewu, amene atatewo, ba Gabson, anamukonda koma sanamukwatire. Nkhata ndinailuka ndekha ndi maluwa a m'mbali mwa kasupe wa madzi otentha wa kwathu, ndipo anali atayamba kale kufota.

Atate anali mphunzitsi wa sayansi. Akabwera pa thebulo la amayi ankandiyalira thambo: dzungu pakati kukhala dzuwa, tomato ndi mandimu kukhala mapulaneti, kenako kanjere ka nshawa kumphepete kwenikweni, pafupi kugwa. Kameneko kanali Pluto.

Anandiuza kuti iwo ali pasukulu mapulaneti anali naini. Ndiye mu 2006 akatswiri a zakuthambo anakhala pansi n'kuvota. Anati pulaneti lizizungulira dzuwa, likhale lolemera mokwanira kudziumba lokha ngati mpira, ndiponso likhale litasesa njira yake, lopanda anzake opikisana nalo mmene limadutsa. Pluto anakhoza ziwiri. Chachitatu anagwa, chifukwa kumene amayenda kwadzaza zibuma za ayezi. Sanamuponye m'gulu la miyala wamba yongoyandama, anamutsegulira kagulu kapakati, ka timapulaneti tating'ono.

Ine ndinkamukonda Pluto. Ndinkamuona ngati amayi ndi ine: kutali, kozizira, koma osasiya kuzungulira. Pomaliza Giredi 12 ndinali nditamulembera ndakatulo zambiri kuposa zimene ndinalemberapo mnyamata aliyense.

"Mukundichita za Pluto," ndinatero. "Kagulu kapakati."

Ndinkaganiza kuti samva. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Dzungu ndi kanshawa? Unkayesa anayambira pa iwe?"

Anasendera pafupi n'kupitiriza.

"Nanga anakuuza chifukwa chake anavota? Pluto anakhala zaka zambirimbiri palibe womuvuta. Kenako anapeza china chofanana naye, Eris, n'kuona kuti kuseriko ziliko zambiri. Ukalola mmodzi, walola onse." Analoza ndi chibwano kumtengo wa mango, kumene azimayi anakhala pa zitenje. "Wa duku lobiriwira uyo wachokera ku Luangwa, ndipo mwana ali pamsanayo muyang'ane mphuno. Kulinso Cephas wa ku Chongwe, akubwera pa minibasi. Ndi wamkulu kuposa iwe."

Ndinayang'ana. Mwanayo anali mtulo, kamwa yasa, ntchentche pa tsaya. Mphuno inali yomweyo.

Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti ndine mwana wa chikondi chimene dziko linakana. Sindinaganizepo kuti msewu wa Great East, wodutsa kwathu, ku Chongwe ndi ku Luangwa, ndi wautali, ndipo malo oima ndi ambiri.

"Ndiye tiimirire tonse," ndinatero. "Anthu aone. Ine sindidikira kuti muvote."

"Amayi anga ali m'nyumbamo, sanadye chiyambire maliro. Uwawerengere ana onsewa pamaso pa mpingo wonse?"

Kwaya inayamba nyimbo. Amuna anali kutulutsa bokosi, likugunda pa chitseko chopapatiza. Ndinayenda kuti ndidutse, koma ba Dorcas anandigwira dzanja. Sanafinye. Chikhatho chawo chinali chotentha, chokhakhala ndi phulusa.

"Mukufuna chiyani kwenikweni kwa ine?" ndinafunsa.

Anayang'ana bokosi lija mpaka litatuluka lonse.

"Sindikukana kuti ndiwe wawo. Ndikufuna lero lokha, kamodzi kokha, ndikhale ndi atate osagawana ndi munthu."