Chitseko cha a Hutala

A Guluu anakalambira m'magalimoto a anthu, koma kuyendetsa galimoto sankadziwa. Ntchito yawo inali yopanga mapanelo, matabwa aja ophimba zitseko za galimoto cha m'kati, n'kuwaveka siponji ndi chikopa mpaka mwini galimoto kumachita manyazi kutseka chitseko ndi phazi. Dzina la Guluu linabwera chifukwa cha fungo. Kaya asambe ndi sopo wanji, ukangowapatsa moni unkadziwiratu kumene achokera. Koma munthu yemweyo ukamukhazika pa chiwongolero, thukuta linkangoti kamukamu ngakhale kukuzizira. Anayesapo kuyendetsa akali mnyamata, anagwetsa mpanda wa eniake, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Woyendetsa pabanjapo anali akazi awo, amene msewu wonse unkawatcha a Hutala. Mayiwa hutala ankaliza popereka moni, potsanzika, podzudzula wanjinga, ngakhale pothamangitsa galu amene sanawalakwire kanthu. Kagalimoto kawo kanali kakale, ka magalasi otsitsa ndi handulo, ndipo a Guluu malo awo anali pampando wa wokwera, chikwama cha akazi awo chili pamiyendo. Anzawo ankawaseka kuti ndi mwamuna wanji wonyamulidwa ngati thumba. Iwo ankangoyankha kuti thumba silinagwetsepo mpanda wa munthu. Zoona zake n'zakuti mpando umenewo ankaukonda, chifukwa ukakhala pamenepo ulendo wonse umangoyang'ana woyendetsa.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina a Hutala anagwetsa kapu ya tiyi, ndipo pofuna kuitola anagwa nawonso. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mwendo unabwerera pang'onopang'ono, pakamwa panabwerera msanga kuposa mmene anthu ena akanafunira, koma dzanja lamanzere linangoti lende. Adokotala sanabise mawu. Anati dzanjalo lili ndi mwayi ngati mayi azibwera kumafizo, kodzalimbitsa ziwalo, mosadumphitsa, koma akalilekerera liuma, ndipo likauma lauma.

Ulendo woyamba wa kumafizo anayendetsa ndi Mzime, mwana wawo womaliza. A Hutala anakhala pampando wa wokwera, malo amene sanakhalepo chigulire galimotoyo. Popita zinayenda bwino. Pobwera, ali pamalo oimikapo magalimoto, anakhala pampando n'kufuna kudzitsekera. Chitseko cha wokwera chinali mbali ya dzanja lodwala lija. Analituma, silinamve. Anayesa kudutsitsa lamanja, koma chogwirira chinali patali. Mzime anali atazungulira kale mbali inayo, a Guluu akulimbana ndi ndodo yoyendera kumbuyo. Mayi wina wodutsa, munthu wa mtima wabwino ndithu, anathamangira pomwepo.

"Pepani agogo, dikirani ndikutsekereni," anatero mayiyo. Anawalowetsera mpendero wa diresi m'kati n'kutseka chitsekocho mofatsa, mmene amatsekera mukakhala kamwana.

M'njira wanjinga wina anawadula kutsogolo, koma a Hutala osamuuza n'komwe Mzime kuti aimbe hutala. A Guluu ali kumbuyo anadziwa kuti zinthu zavuta. Atafika kunyumba, mayiwa anangonena mawu amodzi: "Galimoto imeneyi sindidzakweranso."

Ndipo sanakweredi. Mzime anachonderera, analira, anaopseza kuti auza azakhali ake, koma zonsezo zinali ngati kuthira madzi pamsana pa bakha. A Guluu sanakakamize, poti akazi awo ankawadziwa, ndipo fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika. Iwo ankangowapaka mafuta padzanja m'mawa uliwonse. Pamenepo m'pamene anaona kuti zala zayamba kupindikira m'kati, ndipo poziwongola zinkalimba kuposa dzulo lake. Anachita mantha kwambiri. Mantha amenewo analibe pokawatula kupatula mushedi yawo kuseri kwa nyumba, mmene munali makina osokera, zidutswa za siponji ndi zitini za guluu zouma pakamwa.

Kuyankhula sinali mphatso yawo, koma chitseko ankachidziwa. Anaganiza zopangira chitseko cha wokwera panelo yatsopano. Ikhale ndi lamba wachikopa wautali woti dzanja lamanja lizimufikira popanda kuwerama, komanso potsamiritsa mkono pakhale pokumbika ngati kamtondo kakatalika, kuti mkono wodwalawo uzigonamo osaterereka. Akazi awo azidzitsekera okha, wina asadzawathamangirenso.

Tsiku lotsatira, popaka mafuta paja, anatulutsa kachingwe m'thumba n'kuyamba kuyeza kuchokera pachigongono kufika kuzala.

"Abambo, mwayamba kundiyeza bokosi ndikali moyo?" anafunsa a Hutala.

"Ndikuona ngati mwanenepa, amayi."

"Kunenepa amayeza m'litali? Chokanipo apa."

A Guluu anachokadi, atamanga kale kamfundo pachingwe.

Anatsegula chitseko cha wokwera n'kuchotsa panelo yakale mosamala, akutokosa timakilipi kamodzikamodzi. Anaigoneka pakatoni, anajambula m'mbali mwake, n'kulemba pamene pali mabowo a handulo ya galasi, chotsegulira ndi timakilipi tija. Katoni yodulidwayo ndiyo patani. Tsono a Guluu anali ndi lamulo limene aliyense wodutsa mushedimo analimva mpaka kutopa nalo: patani ili ndi nkhope ndi msana. Zitseko ziwiri zakutsogolo zimafanana ngati manja a munthu, ndiye ukagoneka patani chafufumimba pamene imafunika chagada, wapanga panelo ya chitseko cha mbali inayo. N'chifukwa chake iwo ankalemba ndi choko pakatoni iliyonse kuti NKHOPE. Tsiku limenelo sanalembe. Mtima unali patali, komanso ndani akanawakumbutsa eniake lamulo?

Ntchitoyo anaigwira ngati akupangira mfumu. Anadula thabwa ndi sowo, anaboola mabowo, anapala m'mbali mpaka chala kumangoterereka. Potsamiritsa mkono anasema molingana ndi kachingwe kaja, n'kuyalapo siponji yolimba pansi, yofewa pamwamba. Chikopa anatenga chofiirira chimene anachisunga kalekale pamwamba pa kabati, chofanana ndi chikwama chija ankanyamula pamiyendo. Chinali chongokwanira panelo imodzi. Anasoka mizere iwiri yoyandikana, makina akulira pang'onopang'ono kuti akazi awo asamve kuti kukuchitika zachilendo. Kenako anapaka guluu kuthabwa ndi kuchikopa komwe, n'kudikira. Guluu safuna phuma. Umamuyesa ndi kuseri kwa chala, akasiya kukakamira ndiye kuti wapsa. Anayamba kumata pakati, akukokera chikopa m'mbali, akuchidula timano m'makona kuti chipindike popanda makwinya, n'kuchikhoma kuseri.

Nthawi yonseyi m'maso mwawo munali a Hutala ali m'galimoto, chigongono chili pachitseko, galasi lili pansi, akukalipira munthu amene sakuwamva n'komwe. A Guluu ankaseka okha mushedimo. Mzime atasuzumira anaganiza kuti fungo la guluu lawalowa m'mutu bambo ake.

Panelo itatha inali yokongola zedi. Masana ena dzuwa litapepa, a Guluu anaitana Mzime kuti adzawagwirire. A Hutala anali pakhonde, akuonetsa ngati akuyang'ana kumsewu, koma diso limodzi lili pagalimoto. A Guluu anatsegula chitseko cha wokwera n'kuyandikiza panelo ija. Bowo la handulo linapezeka kumbuyo pamene handulo ili kutsogolo. Mbali yopendekeka inaloza kolakwika. Anaitembenuza, ndipo mabowo onse anagwirizana bwinobwino, koma tsopano chikopa chinayang'ana kuchitsulo, thabwa losavala lili kunja.

"Ababa," anatero Mzime motsitsa mawu, "mwatembenuza patani."

Anafuna kuseka, poti lamulo lija analimva kuyambira akukwawa, koma ataona nkhope ya bambo ake kuseka kunathawa. A Guluu anakhala pa tayala lakale, panelo ili pamaondo. Guluu akagwira wagwira, chikopa sichimatuka chamoyo, ndipo china chotere analibe. Sikuti ankalira chikopacho ayi. Ankaganiza za zala zija zimene zinkapindika tsiku ndi tsiku, iwo ali kalikiliki kupangira chitseko cholakwika.

Anamva ndodo ikugogoda pansi. A Hutala anali atatsika pakhonde, ndipo aka kanali koyamba kuyandikira galimotoyo chichokereni kumafizo kuja.

"Tabweretsani ndione chimene mwakhala mukundibisira," anatero.

A Guluu anaimirira n'kuwaonetsa. Mayiwa anasisita chikopacho, analowetsa zala m'lamba muja, kenako anayang'anitsitsa pokumbika paja.

"Kachingwe kaja kanali ka zimenezi?"

"Eya. Ndimati muzidzitsekera nokha. Koma ndalakwitsa, amayi. Ndapangira chitseko cha dalaivala."

"Inu? A nkhope ndi msana? Mwakalipira anthu moyo wanu wonse, lero mwagwa m'mbuna yanu yomwe?"

"Ndagwamo ndithu."

"Mumaganiza chiyani podula?"

A Guluu anakanda kumutu kumene tsitsi linatha kale. Bodza sankalitha, ndiye anangonena mmene zinalili.

"Ndimaganiza za inu. Podula paja ndimakuonani muli m'galimoto. Tsono ine chikhalire sindinakuonenipo mbali inoyi, kupatula tsiku limodzi lija. Ndikatembenuka kukuyang'anani, chitseko chimene chimakhala kuseri kwanu ndi icho. Manja anangotsatira maso."

A Hutala anasisitanso chikopa chija. Mzime anayamba kuyang'ana matayala ngati aphwa.

"Ndiye mukudikira chiyani?" anatero mayiwa. "Kaikeni kumene mwaipangirako."

A Guluu anazungulira galimoto, anachotsa panelo yakale ya chitseko cha dalaivala, n'kuyandikiza yatsopanoyo. Timakilipi tinalowa m'malo mwake mosavuta, akumenya ndi chikhatho kamodzi pakalikonse. Anabwezera handulo, anamanga lamba kuchitsulo cha m'kati, n'kupukuta chikopacho ndi mkono wa malaya.

A Hutala anapatsira Mzime ndodo ngati akupatsira wantchito. Anagwira denga la galimoto, anatembenuka, n'kudzitsitsira pampando wa dalaivala. Mwendo wodwala anaulowetsa okha, ndipo a Guluu atatambasula dzanja kuti athandize analandira diso limene linawabweza. Mayiwa anakonza diresi, anagwira lamba uja ndi dzanja lamanja, n'kukoka. Chitseko chinatsekeka kuti dii, mawu onenepa a chitseko chovala bwino.

Kenako hutala analira. Analira nthawi yaitali, mwamwano, mpaka galu wa aneba kuyamba kuuwa ndipo mayi wa nyumba yoyang'anizana nayo kutuluka ndi thovu m'manja. Mzime anaseka uku akupukuta m'maso. A Guluu miyendo inangowatengera pamalo awo akale, ndipo anapezeka akhala pampando wa wokwera, pafupi ndi chitseko chosavala chija.

M'galimotomo munali fungo la guluu ndi chikopa chatsopano. A Hutala anatsamiritsa chigongono pachitseko, ndipo chinakhala ngati sichinachokepo. Kenako ndi dzanja lamanja ananyamula lamanzere n'kuliika pagiya. Zala zinaterereka, dzanja linagwera pampando. Analinyamulanso, linagwanso. A Guluu manja awo ankayabwa kufuna kuligwirizira, koma anawakhalira pansi pa ntchafu. Pa ntchito zonse zimene anagwirapo m'magalimoto, iyi yongokhala osathandiza ndiyo inawavuta kwambiri.

A Hutala analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali, mmene ankayang'anira Mzime akabwera mochedwa.

"Ulesi basi," anatero. "Abambo, mafizo aja amachita liti?"

"Ngakhale mawa, amayi."

"Mawa tipita. Ndikhala pamene mwakhala inupo, Mzime ayendetse. Chitseko mutseka ndinu, osati munthu wodutsa. Ndipo muchimenyetse, musamatseke ngati muli mazira m'katimu."

"Ndichimenyetsa mpaka galasi ligwe. Ndipo ndipanga panelo ina ya mbali ino, ya lamba wake, yolemba NKHOPE mbali zonse."

"Mbali zonse ndiye mulakwitsanso, nkhalamba inu." Anasisita chikopa chofiirira chija ndi chala chachikulu, maso ali kutsogolo kumene kunali geti. "Pangani, koma musataye nthawi kuikongoletsa. Mpando wanuwo ndikungobwereka."