Chala cha Domingos

Lolemba m'mawa Domingos Mpande anagwirana chanza ndi Nason, atagwirizana mtengo wa nyumba ya Nasonyo ya njerwa ndi malata, yoyang'ana pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Zaka makumi awiri Domingos anali akupalasa bwato kuolotsa anthu ndi nsomba kupita tsidya ku Zumbo, ndiye tsiku limenelo anayenda m'tauni ya Feira ngati DC ndi mlamu wake.

Koma chanza chokha sichinakwanire. Panafunika kalata ya mfumu yovomereza malowo, mboni ziwiri, ndi pepala la ku Boma. Domingos anathamanga nazo masiku atatu osapuma, chifukwa Nason ankakwera lole ya ku Lusaka Lachisanu, ndipo wasitolo wina anali tcheru kudikira kuti zilephereke atenge nyumbayo.

Lachinayi ku ofesi, kalaliki Lovewell anawerenga pepalalo mokweza, n'kukankha kabokosi ka inki.

"Dindani apa, a Mpande."

Domingos anadinda monyadira. Papepala panatsala banga lakuda bii, lopanda mzere ndi umodzi womwe. Anayesa chala china, kenako china, mpaka zonse. Nkhafi ndi zingwe za ukonde zinali zitaziperesa ngati mwala wa mumtsinje.

"Ichi bwana sangalandire," anatero Lovewell. "Lembani dzina."

"Nilembeko chabe mtanda."

"Mtanda aliyense alemba. Pafunika chala kapena dzina."

Domingos anagwidwa manyazi aakulu. Manja omwe anagwirira ntchito nyumbayo ndiwo ankamukana pamaso pa mboni. Nason anayamba kusuzumira panja, kumene wasitolo uja anaima ngati wongodutsa.

Pa benchi kumbuyo panali Madalena, mkazi wa Domingos. Ali mtsikana anaphunzira kulemba kwa masisitere ku mishoni, ndipo mwamuna wake sankatopa kumuseka kuti zilembo zakezo sizinagwirepo nsomba.

"A kalaliki," anatero Madalena osakweza mawu, "kalata ya amfumu ikamba ndani?"

Lovewell anaiyang'ananso. "Ikamba banja la Mpande."

"Nanga ine ndine wa banja liti?"

Lovewell anakanda m'mutu, analowa kwa bwana, natuluka ndi pepala latsopano. Madalena anapukuta manja pa chitenje, anagwira cholembera, nalemba dzina lake pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano. Mboni zinadinda, chidindo cha Boma chinagunda, Nason anapereka kiyi kwa amene dzina lake linali papepala.

Njira yonse yopita ku nyumbayo Domingos ankayenda pambuyo pa mkazi wake. Madalena anatsegula chitseko n'kulowa, akuyang'ana malata kumwamba. Atacheuka anaona mwamuna wake ataima pakhonde, chipewa chili m'manja, zala zonse zili zakuda ndi inki.

"Odi," anatero Domingos, mawu ali pansi.

Madalena anaseka mpaka misozi. Anatuluka, namugwira dzanja lakudalo, nalikanikiza pachitseko. Panatsala mabanga asanu osalala.

"Apa palibe kalaliki," anatero. "Lowani, eni nyumba."