Tsiku Limene Lufina Anafika ku Mpunga

Lufina anabwerako ku India mwezi wa Malichi, mpunga wa m'sikimu ya Bwanje utawokeredwa kalekale. Anatsika minibasi atakumbatira kapilo pachifuwa ngati khanda, ndipo mwamuna wake Paison, amene anakamuchingamira ndi njinga, anaopa kumukweza. Anayenda wapansi, njinga ili pakati pawo, akupumira pamthunzi uliwonse.

Kuchipatala kuja madokotala anamung'amba pachifuwa, kudula fupa, n'kuchotsa mtsempha m'mwendo wake wamanzere kukaulumikiza pamtima, kuti magazi azilambalala pomwe panatsekeka. Fupalo analimanganso ndi waya. Mwana wawo Emma, mphunzitsi wa ku Ntcheu Boma amene anamuperekeza ulendowo, analemba malamulo a dokotala papepala n'kulimata pachitseko: osanyamula cholemera kuposa ketulo, osasinja, osalima, osakoka chinthu ndi manja mpaka miyezi itatu ikwane. Koma kuyenda ayende tsiku ndi tsiku, lero pang'ono, mawa kuwonjezerako.

Masabata oyamba anangodutsa ngati utsi. Mankhwala ankamugonetsa masana. Ankakhala pakhonde, ndipo nthawi zina sankadziwa ngati chomwe chalira ndi tambala wa Ida, mlamu wake wa nyumba yoyandikana nayo, kapena kamakina kaja kankalira kumutu kwa bedi lake kuchipatala. Akatsinzina ankaona denga loyera likuyenda, anamwino ovala zobiriwira akuyankhula chiyankhulo chosamveka. Akaphenya ankaona mbuzi ikutafuna makoko a nthochi. Zonsezo zinkaoneka zakutali chimodzimodzi.

Kutsokomola ndiye kunali chilango. Chifuwa chinkakhala ngati chitseko chimene wina akuchikankha ndi phewa. Motero Lufina, amene kale akayankhula pamjigo ankamveka mpaka kutchalitchi, anazolowera kunong'ona.

"Alamu, ndifunseko," anatero Ida tsiku lina akusadzula nkhwani pakhondepo. "Anthu akuti anakuikani mtima wa Mmwenye. N'zoona?"

"Mtima ndi wanga womwe uja. Angoukonzera njira ina."

"Nanga bwanji masiku ano simukalipa?"

Lufina anafuna kuseka, koma anangofinya kapilo kake.

Kuyenda nako kunali ndi zake. Chikhalireni anali asanayendepo chimanjamanja. Pamutu pankakhala ndowa, apo ayi nkhuni, apo ayi thumba. Tsopano mutu unali wopepuka moti ankamva ngati mphepo imunyamula, ndipo aliyense wokumana naye ankafunsa kuti, "Ulendo wa kuti, amake Emma?" Iye ankangoti, "Pompa." Poyamba ankabwerera pamjigo. Kenako pachigayo. Pofika kumapeto kwa Epulo ankafika pangalande yaikulu ya sikimu, n'kukhala pasimenti, kumaonerera mitambo ikuyenda m'madzi ndi akakowa ataima chilili ngati aiwala chimene anabwerera. Zaka zonse zimene ankadutsa pamenepa anali asanakhalepo pansi.

Munda wawo unali kumapeto, kuwoloka timilatho tiwiri, ndipo iye anali asanafikeko. Ntchito zonse ankagwira Paison yekha. M'mawa kumudzutsa atamuchirikiza kumsana, kumupatsa mapiritsi, kutunga madzi, kenako njinga ulendo wa kumunda. Mpunga utayamba kucha kunabwera mpheta, ndipo bamboyo ankabwerako dzuwa litapendeka, maso ali psuu, mawu atasasa.

Lachinayi lina m'mwezi wa Meyi kunabwera uthenga wa maliro ku Sharpevale. Womwalirayo anali Fyson, mnzake wa Paison amene ankagwira naye ntchito m'mafamu a ku Joni. Paison anaima pakhomo, jekete ili kumanja, osadziwa chochita.

"Ndikapita, mpheta zimaliza. Ndikapanda kupita, mkazi wake ndidzamuyang'ana bwanji?"

"Pitani, abambo ake Emma. Mpunga ndiuza Ida."

Koma Ida anali ndi munda wake wolondera, ndipo Lufina ankadziwa. Njinga itangokhota, anamanga chitenje, kutenga kabotolo ka madzi ndi kapilo, n'kuuyamba.

Anadutsa mjigo, chigayo, ngalande. Pa kamlatho koyamba anaima n'kumvetsera. Mtima unkagunda mwamphamvu ndithu, koma kufinya kuja kwa chaka chatha, kumene kunkamugwetsa ndowa ili pamutu, kunalibe. Anamwa madzi, napitirira. Kunkatentha, ndipo mpweya unkavina pamwamba pa minda. Anthu olondera ankaoneka ngati akuyandama, mawu awo akufika mochedwa. Atawoloka kamlatho kachiwiri, fungo la mpunga wa kilombero linamulonjera iye asanauone munda.

Mpunga unali utaweramitsa mitu, wachikasu, wolemera. Mizere yake inali yokhotakhota, mmene amawokerera munthu amene maganizo ake ali kwina. Lufina anaima nthawi yaitali akuiyang'ana mizereyo.

Pambali pa munda, pachulu chafulati, Paison anali atamanga kachisakasa ka udzu. Kuchokera pamenepo zingwe zinkayenda pamwamba pa mpunga, zitamangiriridwa zitini zokhala ndi timiyala m'kati. Lufina anakhala pamthunzi n'kutsamira mzati. Posakhalitsa tulo tinamuba. Analota anamwino aja obiriwira ali m'matope mpaka m'mawondo, akuwokera mpunga mwaluso, mmodzi akumufunsa m'Chichewa chenicheni kuti mbande zatsala kuti.

Anadzidzimuka ndi mkokomo wonga wa mvula. Zinali mpheta, zambirimbiri, zikutsika ngati chinsalu chimene wina wayala kumwamba. Dzanja linapita pachingwe lokha, koma anakumbuka pepala la pachitseko. Miyezi itatu inali isanakwane. Anayang'ana uku ndi uku, ndipo anatenga chingwecho n'kuchimanga pa akakolo a mwendo wamanzere, m'munsi mwa chipsera chachitali chija, n'kuponda. Zitini zinasokosera munda wonse. Mbalame zinadzuka pamodzi, kuzungulira, n'kukatera kungodya kumene chingwe sichinkafika.

"Haaa! Chokani apo, mbava inu!"

Mawuwo anatuluka iye asanaganize. Kapilo kanali pansi, patali ndi manja. Anakhala duu kudikira ululu. Unabwera, koma waung'ono ngati kaminga, n'kupita. Mpheta zinali zitathawa.

Patali, kuseri kwa minda itatu, munthu anaimirira n'kuphimba dzuwa ndi dzanja. Anali Ida.

"Alamu! Kodi ndinu? Ine ndimayesa pakamwa munasiya ku India!"

"Londerani zanu uko!" anakuwa Lufina, ndipo ulendo uno anaseka ndithu, misozi mpaka m'masaya.

Anaingitsa mbalame mpaka dzuwa linapendeka, mwendo ndi pakamwa zikuthandizana. Cha m'ma 3 koloko anaona njinga ikubwera mothamanga m'mbali mwa ngalande. Paison anaigwetsera m'maudzu, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze.

"Amake Emma, mukufuna mundiphe? Ndafika kunyumba, mulibe. Pangalande, mulibe. Ndimati mwagwera m'madzi."

"Khalani pansi, mupume."

Bamboyo anayang'ana chingwe cha pamwendo, kuyang'ana mkazi wake, n'kupukusa mutu. Anakhala. Lufina anamupatsa madzi otsala m'kabotolo.

"Mwamuika bwino mnzanu?"

"Tamuika bwino. Anamuvinira ngoma, zishango zonse zinatuluka." Anaseweretsa botolo m'manja. "Kumandako ndimangoona za ine ndekha. Mu Januwale muja, musananyamuke, ndinapita kwa kalipentala kukayang'ana matabwa a bokosi. Sindinauze munthu, ngakhale Emma."

Lufina anayang'ana mpungawo. Anatambasula dzanja, kuthyola kangala kamene kanali pafupi, kusenda njere imodzi ndi chikhadabo n'kuiluma. Inali yolimba, yotsala pang'ono.

"Matabwa amenewo akadalipo?"

"Kaya."

"Mukamuuze apange chitseko cha kukhitchini. Chija chinatha ndi chiswe. Ndipo zikwakwa munole, mpunga uwu sudutsa masabata awiri."

Paison anapumira m'mwamba, mpweya wautali ngati wa munthu amene watula katundu. Anavula jekete, kuipinda n'kuitsamira.

"Ndingowongola msana pang'ono chabe," anatero.

Sanathe n'komwe kunena zimenezo, mkonono unayamba. Anagona kukamwa kuli yasa, dzanja limodzi lili pa bondo la mkazi wake, nsapato zamaliro zikadali kuphazi.

Mpheta zinabweranso, kagulu kochepa, n'kutera pafupi penipeni, moti Lufina ankamva timilomo tawo tikuswa njere. Anayang'ana chingwe, nayang'ana mwamuna wake. Chitini chimodzi chokha chikanamudzutsa. Anaweramira pang'onopang'ono, kumasula mfundo ya pa akakolo, n'kuika chingwecho pansi mosasokosa. Mbalamezo zinadya mpaka kukhuta, iye akungozionerera, uku akukupiza ntchentche pankhope ya Paison ndi nsonga ya chitenje.