Mano a Alamu Anga

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ankaimba zida zinayi zouzira ndi pakamwa: sakisofoni yaing'ono, sakisofoni yaikulu yofika m'mawondo, kilaneti, ndi chitoliro chachitsulo. Chida chilichonse chinali ndi chikesi chake, choncho akamabwera kuntchito ankaoneka ngati munthu amene akusamuka. Anthu anawapatsa dzina loti a Katundu, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka linayamba kulembedwa pa mapositala.

Ine ndimaimba ng'oma. Ndinalowa m'bandi ya jazi chifukwa cha iwowo, ndipo zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinakhala kumbuyo kwawo pa siteji. Ndinkawaseka kuti msana wawo ndimaudziwa bwino kuposa mmene achemwali amaudziwira. Iwo ankayankha kuti n'chifukwa chake satembenuka, nkhope yanga ingawasokonezere nyimbo.

Anayambira m'bandi ya kusukulu, pa kilaneti yong'aluka yomangidwa ndi waya. Kenaka anakaimba zaka zitatu m'sitima yapamadzi yonyamula alendo, komwe anaphunzira zida zinazo chifukwa mwini bandi sankafuna kulemba anthu anayi pa ntchito yoti mmodzi akhoza kuigwira. Atabwerako anaimba m'nyimbo za anthu ena zosawerengeka. Mukamva sakisofoni ikulira pakati pa nyimbo pa wailesi masiku amenewo, nthawi zambiri anali iwo, koma dzina lawo silinalembedwepo pa chikuto cha chimbale chilichonse. Sankadandaula. Pomaliza tinakhazikika pa hotelo ina, pa kapinga wa kuseri, Loweruka ndi Lamulungu masana: ine, alamu, woimba gitala ya besi, ndi mkulu wa bandi woimba kiyibodi amene tinkawatcha a Tcheya.

Kaimbidwe kawo sindingathe kukafotokoza bwino. Ankayamba nyimbo ndi chitoliro, motsitsa, ngati munthu wolankhula yekha. Isanafike pakati ankachiika pansi osayang'ana, dzanja lina litagwira kale kilaneti. Pofika kumapeto, sakisofoni yaikulu ija inkabangula mpaka matambula kunjenjemera pa matebulo. Operekera zakudya ankaima chilili, mathireyi ali m'manja.

Vuto linayamba ndi magazi. Pa kamutu ka sakisofoni, kamene kamalowa m'kamwa, pamamangidwa kabango kopyapyala; ndiko kamanjenjemera n'kutulutsa mawu. Loweruka lina tikulongedza, ndinaona kabango kawo kali psu.

"Alamu, mwayamba kupaka lipisitiki?"

"Ndi ya achemwali anu. Zikukukhudzani?"

Tinaseka. Koma sabata yotsatira kanali kofiiranso, ndipo ndinawaona akugwedeza dzino lakutsogolo ndi lilime poganiza kuti palibe akuwaona. Zinatenga miyezi isanu kuti avomere kupita kwa dokotala wa mano. Achemwali anali ndi maoda ambiri pa shopu yawo yosokera zovala, ndiye ndinawaperekeza ndine.

Dokotalayo anali mayi wodekha. Anawajambula nsagwada, n'kupachika chithunzicho pa galasi lowala. Anatisonyeza ndi cholembera pamene fupa logwira mano linadyekera. Anati matenda a shuga anawononga usinini mwakachetechete, ndipo mano asanu ndi anayi, akutsogolo onse m'mwamba ndi m'munsi, sakanapulumuka.

"Nanga kuimba?" anafunsa alamu.

"Kuimba muziimba, bambo. Kukhosi kulibe vuto."

"Sindiimba ndi kukhosi, adokotala."

Anatulutsa m'thumba la jekete kamutu ka sakisofoni n'kuyamba kufotokoza: mano am'mwamba amaluma apa, mlomo wam'munsi umapindikira pa mano am'munsi n'kutsamira kabango. Pa kamutuko panali timaenje tiwiri timene mano awo anakumba pa zaka zonsezo. Dokotala anayang'ana timaenjeto nthawi yaitali, n'kunena kuti ayesetsa kuwapangira mano oikirira olimba. Sanalonjeze china.

Anawazula maulendo atatu. Ulendo womaliza bala linatukusira, nsagwada inatupa, ndipo chitaphwa chotupacho mlomo wam'munsi unatsala wadzanzi mbali imodzi. Ankamwa tiyi akutayikira pa malaya iwo osamva. Dokotala anati mtsempha unakhudzidwa, mwina ubwerera, mwina ayi.

Miyezi inayi alamu anadzitsekera m'chipinda cha ana, amene anali atakula kale n'kuchoka pakhomo, kuyeserera. Ndinkati ndikapita kukawaona, ndinkaima kaye panja kumvetsera. Sakisofoni akailuma, mano oikirira ankasuntha. Kilaneti inkalira ngati chitseko chadzimbiri. Chitoliro, chimene sichifuna kuluma, tinkayembekezera kuti chiwapulumutsa, koma mlomo wadzanzi uja sunkatha kulunjikitsa mpweya. Munkangotuluka fuu, ngati tayala lobooka. Ankayamba m'mawa achemwali akangopita kushopu, osalekeza mpaka mutu kuwawa. Kenaka tsiku lina ndinafika, m'nyumba muli zii.

Nthawi yonseyi ife tinkaimba atatu. Manijala wa hotelo anayamba kung'ung'udza kuti alendo akufunsa za bambo wa zida zambiri uja, amene ankakonda kujambulitsa naye zithunzi. A Tcheya anali atapeza kiyibodi yatsopano yotha kutulutsa mawu a sakisofoni, a kilaneti, a chitoliro, ngakhale a mbalame mutafuna. Tsiku lina anandikokera pambali.

"A Katundu azingoima kutsogolo ndi zida zawo, maiki yawo titazimitsa. Mawu ndizitulutsa ine pano. Kawauzeni inu, ndinu apachibale."

"Mukufuna ndikatukwanidwe ine?"

"Ndikufuna tonse tisachotsedwe. Komanso munthu azingokhala m'nyumba tsiku lonse, akuyang'ana khoma?"

Ndinapita Lachiwiri m'mawa. Ndinawapeza atayala zida zonse zinayi pabedi, akuzipukuta ndi kansalu. Ndinazungulira nayo nkhani, ndinafunsa za shuga, za ana, za denga lodontha. Kenaka ndinanena. Ndinkayembekezera kuti andithamangitsa, ndipo mumtima ndinkalakalaka atatero. Iwo anapitiriza kupukuta kilaneti, kabatani kamodzikamodzi.

"A Tcheya sapuma," anatero pomaliza.

"Mwati bwanji, alamu?"

"Akamaimba sapuma. Kiyibodi ilibe mapapo. Akangothamangitsa manotsi osasiya mpata wokokera mpweya, ngakhale mwana adziwa kuti si munthu akuuzira. Auzeni abwere mawa ndidzawaphunzitse."

Alamu anawaphunzitsadi a Tcheya, masabata awiri, pabalaza, achemwali ali kushopu. Ankawagwira dzanja n'kulinyamula pa kiyibodi: apa ndimapuma, apa ndimachedwa pang'ono, apa ndimakwera ngati ndikukayika. A Tcheya, munthu wosamva za wina, ankangoti chabwino akulu, chabwino akulu. Chimodzi chokha alamu anatipempha: achemwali asadziwe. Iwo tinangowauza kuti mlomo wayamba kumva.

Lamulungu loyamba alamu anavala suti yawo yotuwa, n'kundandalika zida kutsogolo monga kale. Nyimbo itafika pa gawo lawo, anaika sakisofoni kukamwa, mapewa n'kukwera, zala n'kuyamba kuyenda. Chala chilichonse chinkagwa pamalo pake penipeni. Mawu ankatuluka mu sipika, osalala, opanda kachilema. Ine kumbuyo kwawo ndinkamva tizitseko ta sakisofoni tikungoti phaphapha, popanda china. Ndinaphonya kugunda kawiri, mpaka wa besi ananditong'olera maso. Anthu anaomba m'manja, ena kuimirira kumene. Alamu anawerama.

Zinayenda choncho miyezi isanu ndi iwiri. Panali mayi wina wachikulire, namwino wopuma pantchito, amene ankabwera Lamulungu lililonse kwa zaka zambiri n'kukhala pa tebulo loyandikana ndi maluwa. Tsiku lina titamaliza anawatsekera njira alamu, n'kuwagwira manja onse awiri.

"A Katundu, kudwala kuja kunakuthandizani. Masiku ano mawu anu ndi oyera kuposa kale. Kale munkamveka kampweya."

"Zikomo, mayi," anatero alamu. "Mulungu ndi wabwino."

Tinkasinthira zovala m'kachipinda kosungiramo mipando yapulasitiki. Ndinawapeza alamu mmenemo atakhala pa mulu wa mipando, mano ali m'manja, masaya atalowa m'kati. Ndinayesa nthabwala, ndinati namwinoyo akuwafuna, ndikawanenera kwa achemwali. Sanaseke.

"Kampweya kaja ndinakafunafuna zaka khumi," anatero, mawu akutuluka ophwanyikaphwanyika chifukwa chosowa mano. "Ndinkachita dala."

Mapeto ake anabwera mopusa. Linali Lamulungu lotentha, anthu atadzaza mpaka mipando kuperewera. Pakati pa gawo la sakisofoni yaikulu, mano am'munsi anaguluka n'kutsetserekera kukhosi. Alamu anachotsa chida kukamwa, anawerama, akutsokomola, dzanja lili pakamwa. A Tcheya anali atatsinzina, atatengeka ndi kuimba kwawo. Sakisofoni inapitiriza kulira yokha, ikulendewera pachifuwa pa munthu wotsamwidwa. Ndinamenya mbale yachitsulo ya pa ng'oma mwamphamvu kuti a Tcheya atsegule maso, koma iwo anayesa ndikuwachemerera, ndipo anakwera nayo nyimbo.

Woyamba kuseka anali bambo wina wa pa tebulo lakutsogolo. Kenaka phwete linafalikira paliponse. Mafoni anakwera m'mwamba. Wina anakuwa kuti, "Imaimba yokha! Tigulitseni imeneyo, mdala!" Alamu anawongoka, anavula lamba wa sakisofoni m'khosi, anaigoneka pansi bwinobwino kuti isakalike, n'kutsika pa siteji. Anadutsa pakati pa matebulo osathamanga. Namwino uja anazolika, maso ali m'mbale yake.

Zida ndinalongedza ndine, n'kukazitula kwawo dzuwa lisanalowe. Achemwali anandilandira pakhomo. Ndinayamba kupeka zoti alamu anamva chizungulire chifukwa cha kutentha.

"Usandinamize, iwe," anatero. "Ukuyesa ndine gonthi? Munthu amene zaka makumi atatu sindinkamva naye nkhani pa wailesi chifukwa cha phokoso, miyezi yonseyi sanauzirepo olo kamodzi m'nyumba muno. Ndinkadziwa. Suti ija ndinkasita ndine."

"Nanga bwanji simunanene, achemwali?"

"Ndikananena, bwenzi akumapita kuti?" Analanda chikesi chimodzi m'manja mwanga. "Lowetsa kunsi kwa bedi la ana. Usaguze, agona."

Kanema wa tsikulo anayenda m'mafoni sabata imodzi, kenaka anthu anapeza china choseka. Manijala sanatichotse. Anati atatu tikukwanira, ndipo a Tcheya amaimbabe magawo a sakisofoni pa kiyibodi, poyera tsopano, akupuma m'malo onse amene anaphunzitsidwa. Ine ndimaimbabe ng'oma. Ndinaganizapo zosiya, koma ntchito ina sindiidziwa, ndipo Loweruka likafika ndimangopezeka ndanyamula timitengo tanga.

Alamu masiku ano amathandiza kushopu ya achemwali. Amasita zovala zosokedwa kumene, kuseri kwa katani, kumene makasitomala sawaona. Wailesi ya m'shopumo anapempha kuti izingokhala pa nkhani. Anaonda, ndipo mano oikirira aja akuwakulira, choncho salankhula kwambiri. Mwezi watha ndinawauza kuti zida zikakhalitsa m'chinyezi zimawonongeka m'kati, bwanji ndizitulutse ndikazipereke kwa wokonza. Anati ndizisiye. Ndinati kuli sukulu ina ikufuna wophunzitsa ana kilaneti, ndipo ahedi ake ndimadziwana nawo. Anandifunsa kuti ana akanena kuti aphunzitsi tatiimbireni timve, akawayankha chiyani.

Anatembenuza diresi labuluu pa thabwa, n'kuwaza madzi pa kolala.

"Wa besi uja mkazi wake anachira?"

"Anachira, alamu."

"Mukam'patse moni."

Ndinakhala nawo kanthawi, tikumvetsera mashini a achemwali akugogoda kutsogolo. Kenaka mwini diresi anafika kudzalitenga lisanathe kusitidwa, ndipo alamu anandipempha kuti ndisunthe mpando, ati ndikuwatchinga kuwala.