Chipolopolo Chimene Tiruwork Anakulunga

Dzuwa linali litangotuluka, nkhungu ya mvula ya dzulo ikadali m'chigwa, pamene Ato Yirga anatsika pachilindo mfuti ili paphewa. Anali ataphonyanso. Anyani sanavutike n'kuthawira patali. Anangokwera pathanthwe la kuphompho n'kukhala pansi, aliyense chimanga chake m'manja.

Gashaw, mwana wawo wamkulu, ankawadikira pampanda wamiyala.

"Mwadzuka bwanji, Bambo? Mfuti ndaimva ikulira. Nyani ali kuti?"

"Ali apo. Akudya."

"Bambo, anthu ayamba kulankhula. Minda yonse ya m'mphepete muno imadalira mfuti yanuyi. Dzulo kumsika wina ananena kuti anyani akakuonani pachilindo amaitana ana awo kuti adzaonerere."

"Winayo ndani?"

"Dzina lake lilibe ntchito. Ndipatseni mfutiyo. Maso anu agwira ntchito yawo, tsopano apume."

Ato Yirga anakonza mfuti paphewa n'kupitirira. Mfutiyo inali ya malemu bambo awo, yaitali ndi yolemera, yolowa chipolopolo chimodzi chonenepa ngati chala. Zipolopolo zake sizinkapezeka m'sitolo iliyonse. Ankapanga okha. Ankasungunula mtovu pamakala n'kuuthira m'chikombole chachitsulo. Chipolopolo chikazizira chinkakulungidwa ndi kapepala, kupakidwa phula la njuchi, kenako n'kulowetsedwa m'khoko lamkuwa momwe munali onga. Chimwalirire bambo awo, palibe wina amene anawomberapo mfuti imeneyi. Kuipereka kunali kuvomera kukhala padzuwa tsiku lonse, n'kumaingitsa nkhuku.

Kunyumba anapeza Wubalem, mkazi wa Gashaw, akukazinga khofi pakhomo.

"Bambo, ndiphike khofi wa mlenje kapena wa munthu wotopa?"

"Phika wa munthu amene sanakufunse kanthu, mwana wanga."

Anapita kuseri kwa khola, kumene kunali chitseko chakale chothyoka, n'kuuza Gashaw kuti akachiimike kuchulu ndi kujambulapo ndi khala pakati. Gashaw anachita zimenezo mosakondwa. Ato Yirga anagwada, anatsamiritsa mfuti pampanda, n'kuwombera. Utsi utapita, onse awiri anayenda kukaona.

"Mwaona, Bambo? Chizindikiro chili uku, bowo lili uko."

"Usayang'ane pamene chagwera. Yang'ana mmene chalowera."

Analowetsa chala m'bowomo. Silinali lozungulira. Linali lalitali, ngati nyemba yogona.

"Diso loipa limatumiza chipolopolo kumanzere kapena kumanja," anatero. "Koma silingachigoneke cham'mbali. Ichi chatuluka chikutembenuzika m'mwamba. Sichikugwira mizere ya m'kati mwa mpope wa mfuti."

Anatenga chipolopolo china chokulunga kale, chimene chinali chisanalowe m'khoko, n'kuchiika kukamwa kwa mfuti. Chinatsetsereka chokha, ngati phazi la mwana m'nsapato ya bambo ake.

"Ndiye kuti mfuti yatha," anatero Gashaw.

"Mfuti siitha chaka chimodzi. Chaka chatha inkamenya pamene ndaiuza."

"Chikombole?"

"Chomwechija cha agogo ako. Mtovu womwewuja. Pepala lomwelija la mapaketi a shuga."

"Nanga chasintha n'chiyani?"

Funsolo litangotuluka, Gashaw anayang'ana pansi. Onse ankadziwa chimene chinasintha pakhomo pamenepo. Tiruwork, mkazi wa Ato Yirga, anamwalira kumayambiriro kwa mvula. Zaka zonse za ukwati wawo, mwamuna ankathira mtovu, mkazi ankakulunga. Ankakhala pakhomo madzulo, sizasi ndi kambale ka madzi pambali, akudandaula za mitengo ya mchere. Chimwalirire iye, Ato Yirga ankakulunga okha, kuzunguliza pepala kawiri, monga anawaphunzitsira bambo awo, ndiponso monga iwo eni ake anamuphunzitsira Tiruwork ali mkwatibwi.

Anavula lamba wa zipolopolo n'kumuyala pamwendo. M'kathumba komaliza munali chimodzi chimene pepala lake linali litayamba kufiira. Chinali chomaliza mwa zimene Tiruwork anakulunga. Zinzake zonse zinatha mu nyengo ya dzinja. Ichi chokha ankangochinyamula, kupita nacho kuchilindo ndi kubwerera nacho, ndipo sanauze munthu chifukwa chake.

"Chisiyeni chimenecho, Bambo," anatero Gashaw. "Tipeza njira ina."

"Njira ina iti? Ukawafunse amayi ako?"

Anakhala pamwala pafupi ndi moto wa Wubalem. Anachigwedeza chipolopolocho pang'onopang'ono mpaka chinazuka m'khoko. Anachiviika m'madzi ofunda, n'kuyamba kumatula pepala ndi chikhadabo, mosamala kuti lisang'ambike. Linazungulira kamodzi. Linazungulira kawiri. Pamenepo ankayembekeza kuona mtovu, koma anapezanso pepala. Linazungulira kachitatu, ndipo mtovu unaoneka.

Wubalem anali atasiya kusinja khofi.

"Ine ndinkawaona Amayi," anatero. "Inu mukalawirira kutchalitchi cha Mikayeli, iwo ankatsitsa mfutiyo pakhoma, n'kumayesa zipolopolo kukamwa kwake ndi chala. Tsiku lina ndinawafunsa. Anati, 'Yakula kukamwa iyi, ikukalamba ngati mwini wake. Koma usakamuuze, angadwale.' Ine ndinkangoyesa nthabwala."

Ato Yirga anayala kapepalako pabondo n'kukasalaza ndi chala. Kanali kodulidwa mopendeka kumapeto konse, mmene iwo ankadulira, koma kotalikirapo. Mpope unkaphwanyika m'kati chaka ndi chaka, ndipo munthu wina ankautsatira m'mbuyo mwakachetechete, kuwonjezera pepala. Iwo ankangowombera, anthu n'kumawayamikira diso.

"Ntchito imeneyi ndinamuphunzitsa ndine," anatero.

"Anakupitirirani," anatero Gashaw chapansipansi.

"Khofi uyu wazizira," anatero Ato Yirga, ngakhale kuti Wubalem anali asanathire n'komwe.

M'mawa wonsewo anadula timapepala tatsopano, akuyeza ndi ka Tiruwork. Anatinyowetsa, anakulunga katatu, n'kuyanika zipolopolozo padzuwa pachiwaya chakale chophikira buledi wa injera. Atadya chamasana, mapepala anali atauma n'kugwira mtovu ngati khungu. Anayesa chimodzi kukamwa kwa mfuti. Chinakana kulowa mpaka atachikanikiza ndi chala chachikulu.

"Tsopano uone," anatero, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo mawu awo anali opepuka.

Anabwerera kuseri kwa khola. Wubalem anawatsatira mwana ali kumbuyo, n'kuima patali atamutseka makutu. Ato Yirga anagwada, anapuma, n'kuwombera. Bowo linali lozungulira bwino, loyera m'mbali ngati lobooledwa ndi mmisiri wa matabwa. Koma linali kumapeto kwenikweni kwa chitseko, chakumunsi. Anawomberanso. Bowo lina lozungulira, kumapeto ena, chakumtunda.

"Ndi mphepo, Bambo," anatero Gashaw.

Utsi wa mfuti unali ukadali pamalo omwewo, utangoima pamwamba pa mpanda. Masamba a bulugamu sankagwedezeka.

"Usandinamize ngati mwana. Tenga."

Gashaw anazengereza. M'mawa ankaifuna mfutiyo, koma tsopano anailandira ndi manja awiri ngati yotentha. Anagwada pamene panagwada bambo ake. Mfuti inamukankha paphewa mpaka anatsala pang'ono kukhala pansi, ndipo Wubalem anaseka.

"Mlenje wanga, kodi wawombera ndi iwe kapena yakuwombera ndi iyo?"

Koma atapita kuchitseko, bowo linali litadya theka la chizindikiro cha khala. Ato Yirga anafika pafupi kwambiri, mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza thabwa. Anapapasa mabowo onse, lam'mawa logona lija, awo awiri a kumapeto, ndi la mwana wawo pakati.

"Pamene ndinagwada paja, khala lako sindinkaliona," anatero. "Ndinkangoona chitseko, n'kuganizira pamene pangakhale pakati."

"Zinayamba liti, Bambo?"

"Amayi ako akanakuuza. Zikuoneka kuti ndi amene ankadziwa zinthu pakhomo pano."

Anatenga lamba wa zipolopolo n'kumumanga Gashaw m'chiuno okha, n'kukoka chingwe mpaka Gashaw anabuula.

"Ukangowombera, uzitsuka mpope ndi madzi otentha tsiku lomwelo, usadikire mawa. Uzifuna nyani wamkulu uja wa tsitsi m'khosi. Ameneyo akagwa, enawo sabwera mpaka tikolole. Wobereka mwana kumsana uzimusiya."

"Ndamva. Koma mawa tikwere tonse pachilindo, muzikandilangiza."

"Kuti anyani akaonerere anthu awiri? Upite wekha. Koma zipolopolo usazikhudze. Zala zakozo ndi za pulawo, ungandiwonongere pepala."

Gashaw anafuna kunena kanthu kena, koma bambo ake anali atatembenuka kale. Anakalowa m'nyumba n'kutuluka ndi sizasi, phula, kambale ka madzi ndi mapaketi a shuga opinda bwino. Anaima pang'ono pakhomo, kenako n'kukhala pachikumba chimene Tiruwork ankakhalapo. Nkhuku inabwera kudzajompha phula, ndipo anaiingitsa ndi phazi osaiyang'ana.

"Bambo, kuwala kukuchepa apo," anatero Wubalem. "Ndikusunthireni panja?"

"Ntchito iyi siifuna maso, mwana wanga."

Anayala kapepala ka Tiruwork pamwamba pa pepala latsopano, anapeza m'mphepete mwake ndi chala, n'kuyamba kudula.