Gawo la Pakati pa Bwalo

"Nanga izi tipatse ndani?" anafunsa Wahid, atanyamula jombo za mpira pa zingwe zake.

Granaz anali pamphasa, akupinda zovala za malemu mwamuna wake, Shahdad, zoti zikaperekedwe kwa osauka kumzikiti, poti linali tsiku lachitatu chiikireni maliro. Jombozo zinali zachikale, zofika mu akakolo, chikopa chake chitauma gwa ngati nsomba ya padzuwa. Koma kunsi kwake zinali ngati zogula dzulo.

"Zibwezere pamsomali," anauza mwana wakeyo.

Pirdad, mchimwene wake wa Granaz, anaseka mpaka tiyi kumutsamwa. Mwa amuna onse obwera kudzapepesa, ndi iye yekha amene ankalowa m'chipindamo, chifukwa Granaz anali atayamba eda: miyezi inayi ndi masiku khumi osatuluka pakhomo, osaonana ndi amuna achilendo.

"Palibe wosauka amene anatilakwira chotere kuti timupatse zimenezo," anatero Pirdad. "Mwini wake yemwe zinamukana. Kunali ku Ceylon, dziko lathu likadali khanda..."

"Amalume, nkhani imeneyi taimva kuyambira tili ndi mamina."

"Uimvanso. Akuluakulu a timu ya Pakistan anatigulira jombo kuti tisakachititse mbendera manyazi. Bambo ako, munthu wokulira mpira wa mapazi pafumbi la Lyari, ankathamanga ngati ngamira pa phula lotentha. Titapita kopumulira anazivula. Mphunzitsi kukalipa, iye n'kungoti, 'Mwabwera ndi ine kapena mwabwera ndi nsapato?' Titalowanso, ha! Nambala seveni ameneyo! Womutchinga ankangoona zidendene."

"Inu kugoloko mukulowetsa zitatu," anatero Granaz, osadzutsa mutu.

"Ziwiri, chemwali! Chachitatu woyimbira anali atadya za eni bwalo."

Wahid sanaseke. Anakoloweka jombozo, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo. Anali munthu wa imvi kale, woyendetsa galimoto yonyamula katundu kudoko, ndipo Granaz ankakadziwa kakhalidwe kameneko: manja pamaondo, maso pakhoma.

"Amayi, pali nkhani ya bwalo."

Bwalolo linali kuseri kwa nyumba, kachidutswa ka fumbi kopanikizika pakati pa nsanjika. Shahdad anapatsidwa malowo ndi mkulu wina wa maboti a nsomba, wopenga ndi mpira, atabwerako ku Ceylon komweko, kuti amangepo nyumba yoyenera munthu wa timu ya dziko. Iye anazikapo mapaipi anayi achitsulo, kukhala magolo a mpira. Anakasewera ku Dhaka zaka zingapo, nabwerako ndi bondo lowonongeka, nakhala mlonda wa nyumba zosungiramo katundu mpaka kukalamba, koma njerwa sanaikepo ngakhale imodzi.

"Kontirakitala uja wabweranso," anapitiriza Wahid. "Akuti amanga nsanjika, ife atipatsa nyumba ziwiri momwemo. M'bale wanga Dilmurad ndalankhula naye pafoni ku Muscat, wavomera. Chatsala n'kuti mudinde chala chanu."

"Dothi la pamanda silinaume."

"Ndikudziwa. Koma munthuyo sadikira eda. Amayi, ana anga aakazi akula, akugona m'chipinda chimodzi ndi ine ndi mayi awo. Povala ndimatuluka kukaima mumsewu. Abambo anathamangira dziko lino mpaka bondo kutha. Dzikolo linawapatsa chiyani? Pamaliro pano mwaonapo ngakhale mmodzi wa anthu a masuti aja? Bwalo limeneli ndi chokhacho chimene mpira unatibweretsera, ndiye tizingolisiyira ana a eni ake?"

Granaz anaika malaya omaliza pamulu n'kuwasalaza ndi chikhatho. Mwanayo sankanama, ndipo n'chimene chinkapweteka. Iye mwini anakanganapo ndi Shahdad za bwalo lomwelo kambirimbiri, ali mtsikana, madzi a mvula akulowa m'nyumba. Mpira wa mwamuna wake sanauonepo ndi maso. Akazi sankapita kumabwalo akuluakulu. Ankaumvera pa wailesi ya aneba, dzina lake likutuluka m'kabokosi ngati la munthu wachilendo. Chimene iye anaona, zaka zonsezi, anachionera padenga.

"Achimwene," anatero, "pa malamulo a Mulungu, mkazi wamasiye wa ana amalandira chiyani?"

Pirdad anakanda ndevu. "Gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu."

"Ndiye langa ndasankha. Kuchokera pagolo ili kukafika pagolo ilo, pakati penipeni. Zam'mbalizo gawanani."

Pirdad anaomba m'manja kamodzi. "Wakuphera pakati, mphwanga! Ameneyu akanakhala mwamuna akanamenya nambala faifi."

"Amayi, musasewere. Ndani angamange nsanjika yong'ambika pakati?"

"Palibe. N'chifukwa chake."

Wahid anadzuka. "Ndiye adzukulu anu azivalira kuseri kwa nsalu mpaka kukwatiwa, kuti ana a oyendetsa ngolo za abulu azithamangitsana ndi chikopa?"

"Khala pansi, sindinamalize. Umange padenga."

Denga la nyumbayo, lathyathyathya la konkire, linali la Granaz. Ndi pomwe ankayanika nsomba ndi tsabola, pomwe ankagona nyengo yotentha mphepo ya kunyanja ikamafika, pomwe ankasokera maluwa a pa malaya ndi anzake masana. Ndi malo okhawo amene mkazi wa pa eda akanaonerapo thambo.

"Zipinda ziwiri zikwana. Dilmurad atumize simenti m'malo motumiza mafuta onunkhira. Zibangili zanga zaukwati zilipo, zigule zitsulo. Ungondisiyira kazenera koyang'ana kuseri."

"Nanga inu muzikapuma kuti?"

"Ndapuma mokwanira." Anamuyang'ana m'maso. "Unasambitsa thupi la bambo ako ndiwe. Mapazi unawaona?"

Wahid anayang'ana kumbali. Kenako anati, "Ndinawaona. Zipsera zokhazokha. Zina zinali zisanapole. Ndinkayesa ndi matenda a shuga aja."

Granaz anagwira khoma n'kudzuka. Anapita kuseri kwa chitseko natulutsa chitini chakale cha mafuta ophikira, chogwirira chake cha waya. Atachiika pansi chinalira. Munali zidutswa za mabotolo, misomali yadzimbiri, zitsekerero zopindika, ndi jekeseni wosweka wa anyamata a mankhwala ozunguza bongo.

"Iwe unkakhala utapita kale kudoko. Bambo ako akachoka koswali m'mawa ankavula nsapato n'kuyenda bwalo lonse, mzere ndi mzere. Maso anali atafooka, ndiye ankafufuza ndi mapazi. Ndinkamukalipira kuti, bambo a Wahid, tengani tsache. Ankati tsache limaphonya, phazi siliphonya. Ankati ana a kuno alibe jombo, ndipo wina mwa iwo ndi seveni."

Pirdad anatsokomola, nayamba kufunafuna chinachake m'kapu yake yopanda tiyi.

"Chala changa sindidinda, Wahid, lero kapena eda ikatha. Umuuze munthu wakoyo mwaulemu. Koma taona, kuyambira tsiku la maliro anthu akhala akudyera pabwalopo, kumwerapo, kutayapo zinthu. Mahema achotsa m'mawa uno. Swala ya madzulo ikatha ana abwera. Ine kutuluka sindingathe. Amalume akowa kuwerama anasiya kalekale."

"Ndinawerama mokwanira potola mipira mu ukonde," anatero Pirdad.

Wahid anayang'ana chitinicho nthawi yaitali. Sananene kuti wavomera. Anatola mulu wa zovala uja n'kuupachika paphewa, kenako, ngati chinthu chongokumbukira, anakowa chitinicho ndi chala n'kutuluka.

Granaz anakwera masitepe pang'onopang'ono, akupuma panjira. Padenga dzuwa linali litapendeka, makhwangwala akukanganirana pa mawaya. Anakokera mpango kumaso n'kusuzumira pa kampanda.

Wahid anali ataima pagolo la kufupi, zovala zija atazisiya pa paipi. Anayamba kuyenda chowerama, akutola apa ndi apo, chitini chikulira. Atafika pakati anaima, nayang'ana fumbi lomwe anali atadutsamo kale. Anabwerera pagolo paja. Anavula nsapato zake, naziika pambali moyandikana bwino, n'kuyambiranso.