Kuyeza a Dokotala Namakhwa

A Dokotala Namakhwa si dokotala wa jakisoni. Mwana akatentha thupi musawaitane, angokufunsani kuti msika wanu uli kuti. Udokotala wawo ndi wa mabizinesi, ndipo amaphunzitsa ku yunivesite ina m'tauni. Anafika kuno kwa Mwambo zaka zisanu zapitazo, nsapato zili waliwali, n'kutipeza amayi khumi ndi awiri tikuyanika matemba pansi monga mwa masiku onse. Anati tiziyanika pa thandala kuti nsomba zisamalowe mchenga, tizilongedza m'timapaketi, ndipo tizikagulitsa pamodzi m'magolosale a ku Songani m'malo molimbana ndi mavenda padoko. Atangotembenuka tinawaseka. Kenako tinayesa, ndipo zinatheka mochititsa manyazi. Ine Sauda, wapampando wa gulu, ndinafolera nyumba ndi malata. Hawa, wachiwiri wanga, anagula njinga yamoto.

Patapita zaka zitatu osawaona, anandiimbira foni mawu ali ofooka.

"Mayi Sauda, kuntchito kuno akutiyeza."

Ndinafunsa ngati akudwala. Anati ayi. Kumeneko munthu amamuyeza powerenga kuti ndi ophunzira angati amene atchula dzina lake m'zolemba zawo. Iwo anatchulidwa kasanu ndi kawiri, ndipo kanayi anadzitchula okha. Wosafika pa mlingo, ntchito imuthera mu Disembala. Mwayi umene unatsala unali umodzi: yunivesite itumiza munthu kudzaona ngati kafukufuku wawo anasintha moyo wa anthu.

"Kubwera a Jenifa ndi mafunso," anatero. "Ntchito yanga ili m'manja mwanu."

Ndinawauza kuti agone tulo. Ife a kunyanja ya Chilwa alendo a mafunso tinawazolowera. Anabwera a madzi, anabwera a mitengo, a mpunga anabwera kawiri. Ndipo tonse tikudziwa kuti ukangonena kuti zinthu zikuyenda, bungwe limalongedza katundu n'kupita, ogwira ntchito ake n'kubwerera kwawo kukalima. Munthu amene ntchito yake ndi yothandiza ovutika, ovutikawo akatha adya chiyani? Ndinaitanitsa amayi onse n'kuwauza kuti a Dokotala anatichitira zabwino, tsono yafika nthawi yoti tiwabwezere.

Tinagwira ntchito masiku awiri. Mathandala tinazula n'kukawabisa kuseri kwa mzikiti. Njinga ya Hawa inakagona m'nthochi. Msonkhano tinaukonzera kwa Elenala, yekhayo amene anali asanafolere malata, osati chifukwa chosowa koma amati malata amatentha. Aliyense anafukula chitenje chimene anasiya kalekale.

A Jenifa anafika Lachinayi, mtsikana waulemu, foni yaikulu ili m'manja. Anakhala pamkeka n'kuyamba.

"Amayi, njira imene a Dokotala Namakhwa anakuphunzitsani inakuthandizani bwanji?"

"Adona, tili pamoto," ndinayankha. "Mavuto achita kuwirikiza."

"Timapaketi tija mukugulitsabe?"

"Agule ndani?" anatero Elenala, amene dzulo lake anali atatumiza makatoni atatu ku Songani.

A Jenifa anati tipereke malikisi, kuyambira wani kulekeza faifi. Hawa anafunsa ngati ziro mulibe. Atamva kuti mulibe, anayamba kulira, misozi yeniyeni, mpaka ndinamutsina kuti asapitirire muyezo. Hawa akanakhala wa zisudzo bwenzi tikumumvera pa wailesi.

Pomaliza ndinanenetsa. "Mukalembe kuti a Dokotala asatisiye. Ntchito yawo kuno sinayambe n'komwe."

Mtsikanayo analemba zonse, maso ali ofiira. Potsanzikana anandigwira dzanja n'kunena kuti tilimbe mtima. Galimoto itangokhota tinavina, ndipo kunena zoona ndinadzimva kuti ndine mtsogoleri.

Patatha masabata atatu, masana dzuwa likuswa mtengo, tinali pamathandala athu tikulongedza katundu wa Loweruka. Ndinangoona munthu akubwera wapansi kuchokera kumsewu, jekete lili pamkono. Anali a Dokotala. Anaima patali n'kuvula chipewa.

"Amayi anga, ndabwera kudzapepesa," anayamba motero. "Ndawerenga lipoti. Sindinkadziwa kuti ndinakuonjezerani mavu..."

Anayang'ana mathandala, anayang'ana mulu wa makatoni, anayang'ananso Hawa amene anali atavala nsalu yodula ya leisi ya ku Mozambiki. Anakhala pansi pa dothi osadikira mpando.

"Zonsezi zinali kuti a Jenifa atabwera?"

"Tinabisa, a Dokotala," ndinayankha monyadira. "Kuti aone kuti mukufunikabe."

A Dokotala anafotokoza pang'onopang'ono, monga amachitira potiphunzitsa, kuti ku yunivesite zimayenda chobwerera: munthu amasungidwa pantchito anthu akanena kuti anathandizika. Lipoti linati mwa amayi khumi ndi awiri, palibe ndi mmodzi yemwe amene anapindula. Kalata yowachotsa ntchito inali m'thumba la jekete.

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Ndinati a Jenifa abwerenso, tidzawaonetsa zonse, ngakhale kuwakweza pa njinga mpaka ku Songani. A Dokotala anapukusa mutu. Akuluakulu anali atasaina kale, ndipo akanati chiyani za anthu amene lero akulira, mawa akuvina?

Anatola temba limodzi, analitembenuza, osapezapo mchenga, n'kulidya.

"Mayi Sauda, pagulu lanuli mumalola amuna?"

Ndinati tikambirana. Sindinathe kuwakumbutsa kuti lamulo loletsa amuna, loti angatidyere phindu, analemba ndi iwo omwe.